Mutu 5: Sefa Imene Inkameza Mawu a Mzime

1. Chikompyuta cha pakona

Shopu ya amalume ake a Kabatani inali yopapatiza ngati khonde. Ukalowamo unkayenda chammbali, kuopa kugwetsa mawailesi a eni ake amene adasanjikizana mpaka kudenga. Pakona, pansi pa fani yolira kwetekwete, panali chikompyuta chakale chimene kasitomala wina adachisiya osabweranso.

Pa chikompyuta chimenecho ndi pomwe Kabatani ankathera masana onse akaweruka kusukulu. Dzina limeneli adam'patsa ndi amalume omwewo, chifukwa ali kamwana sankati akaona batani n'kulisiya osalidina. Tsopano anali mtsikana wa Fomu 3, koma chala chija chinali chisanasinthe.

Kwa miyezi itatu, iye ndi mnzake wa m'kalabu ya makompyuta, amene onse ankamutcha Naphuma, ankapanga pulogalamu yoonetsa mawu pa sikirini. Ankailemba ngati mmene amalembera tsamba la pa intaneti. HTML inkayala zinthu, CSS inkazipaka mitundu, ndipo JavaScript inkamvetsera mawu n'kuwasandutsa mizere. M'shopumo munalibe intaneti, choncho Kabatani adalikulunga tsambalo kuti likhale pulogalamu yodziimira payokha, yongodina kawiri n'kutseguka.

Koma abale, inali yokongola! Ukaika nyimbo, mizere makumi atatu, yofiira, yachikasu, yobiriwira, inkadumpha ngati ana akutuluka m'kalasi. Makasitomala ankaiwala zimene abwerera.

Lachisanu lina m'mawa aphunzitsi a kalabu adanena mawu amodzi: aliyense wofuna kukaonetsa ntchito yake pa chionetsero cha sukulu afike nayo pa fulashi folo koloko isanakwane, ndipo amene adapanga awiri afike awiri. Wochedwa, dzina lake lifufutidwa.

2. Kamodzi kokha

Naphuma ankapangira chionetsero. Kabatani ankapangira mng'ono wake, Mzime.

Mzime anali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Adasiya kumva ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri atadwala kwambiri. Kulankhula ankatha, koma mawu ake omwe sankawamva, ndiye nthawi zina ankakuwa osadziwa, nthawi zina ankanong'ona osadziwa. Tsiku lina m'basi adaitana amayi ake mokweza kwambiri, anthu n'kuseka. Anthu akuluakulu, a ndevu zawo, kuseka mwana! Kuyambira tsiku limenelo Mzime adatseka pakamwa. Chaka chathunthu chidatha akulankhula ndi manja okha.

Kabatani adamunyengerera milungu iwiri kuti adzayese pulogalamuyo. Pomaliza Mzime adavomera, koma adaimika chala chimodzi pamphuno pa mkulu wake. Kamodzi kokha. Zikakanika, asadzamuvutitsenso.

Lachisanu lomwelo, itangokwana thu koloko, Mzime adalowa m'shopumo ali ndi yunifolomu yake, nakhala pampando wopanda chotsamira. Kabatani adamuikira maiki patsogolo.

“Unene kuti aaa,” adamuuza ndi manja. “Mawu ako uwaona apa.”

Mzime adayang'ana amalume, adayang'ana Naphuma. Kenaka adatsegula pakamwa.

“Aaaaaa.”

Mawu a chaka chathunthu! Amalume adaika pansi chitsulo chowotcherera mawaya. Mizere idadumpha, nkhope ya Mzime idawala. Koma asanapume n'komwe, iye akadali pakati pa aaa wake, mizere ija idayamba kufota. Idatsika, idatsika, mpaka idagona yonse pansi ngati m'shopumo mulibe munthu.

Mzime adakweza mawu, mitsempha ya pakhosi mpaka kuoneka. Mizere idangogwedezeka pang'ono n'kugonanso.

Adatseka pakamwa. Adadzuka pang'onopang'ono, nalankhula ndi manja, osayang'ana aliyense: “Ngakhale makina sakuwafuna mawu anga.”

Adatuluka n'kukakhala pabenchi panja, atafulatira khomo.

3. Nzeru za Naphuma

Kabatani adayang'ana mizere yogona ija. Misozi inali pafupi.

“Iwe, usalire apa, nthawi kulibe,” adatero Naphuma, akukoka kiyibodi. Mtsikana ameneyu ankalankhula ngati akuthamangitsidwa ndi galu. “Ndaganiza kale. Tilembe mizere isanu ya khodi, timalamulo ta m'pulogalamu, basi. Maiki ikangomva kaphokoso kalikonse, mizere izivina yokha kwa masekondi khumi, bwinobwino, yonse pakatikati. Timuitane, aone, asangalale, ife tithamange kusukulu.”

“Izivina yokha? Osatsata mawu ake?”

“Nanga adziwa bwanji? Si samva? Ukufuna apite kunyumba akulira? Ndikumuchitira chifundo ine.”

Kabatani adasuzumira panja. Mapewa a Mzime anali atagwa. Mizere isanu ya khodi, mphindi zitatu, mwana n'kumwetulira. Adakokera mpando pafupi, naika zala pa kiyibodi.

“Tachotsani kaye zalazo, amayi,” adatero amalume.

Amalume akakutchula kuti amayi, unkadziwa kuti nkhani yakula.

4. Singano yopindidwa

Amalume adavula magalasi, nakhala pa sipika yakufa.

“Ana inu, tamverani. Dazi ili sindidabadwe nalo. Ndinali mnyamata, wa phuma kuposa uyu. Kudabwera bambo wina wobwereketsa makina okuzira mawu m'maholo. Makina ake anali ndi kasingano kosonyeza mphamvu. Kakafika pofiira, ndiye kuti chepetsa, masipika apsa. Tsono kasinganoko kankangothamangira pofiira ngakhale mawu ali ochepa. Bambo uja adati, mmisiri, ndikonzereni, mawa ndili ndi msonkhano waukulu.

“Ndidafufuza tsiku lonse, vuto osalipeza. Manyazi adandigwira. Mukudziwa chimene ndidachita? Ndidatsegula kagalasi, n'kukapinda kasingano kaja pang'ono kuti kasamafike pofiira. Bambo uja atabwera adaona kasingano kakukhala pabwino, adandigwira chanza ndi manja awiri. Adati ndine katswiri. Ine n'kuvomera, wopanda manyazi ine.

“Mawa lake, holo itadzaza, adakweza mawu akuyang'ana kasingano. Kasingano kakuti zili bwino, iye n'kukwezabe. Masipika anayi adapsa pamaso pa anthu, utsi tolotolo. Lolemba adabwera kuno. Sadandilalatire, bola akadandilalatira. Adangoika kasingano kopindika kaja pathebulo langa, n'kutuluka. Mpaka lero tikakumana panjira amayang'ana kumbali.

“Tsono bambo uja anali ndi makutu ake awiri, koma adakhulupirira singano. Nanga mwana ali panjayo? Iye alibe pena pofunsa. Chimene sikiriniyo imuuze, achitenga chonse. Mukamuuza kuti mawu ake ali pakatikati pamene akukuwa, mawa akakuwa pagulu ali ndi mtima wonse, akudziwa kuti asisi ake adamuyeza. Akamusekanso. Ndipo ulendo uno sadzakwiyira anthu a m'basi ayi, adzakwiyira iwe, Kabatani. Chida choyezera chikhoza kukhala chonyansa, chikhoza kukhala chochedwa, zonsezo timapirira. Koma chikayamba kunena zokondweretsa mwini wake, chitayeni kudzala. Ngati yakukanikani, kamuuzeni mwanayo kuti yatikanika. Zimenezo ndiye ulemu.”

Naphuma adayang'ana pansi. Kabatani adachotsa zala pa kiyibodi.

“Sindimunamiza,” adatero. “Koma sindimuuzanso kuti yakanika ndisanadziwe chifukwa chake.”

5. Fani ili kuti?

Adayamba kufufuza. Adaomba m'manja pafupi ndi maiki, mizere idadumpha. Adawerenga manambala, wani, thu, fili, mizere idatsata bwinobwino. Nanga chavuta n'chiyani?

“Tapatseni kuno,” adatero amalume. Adawerama, nang'ung'udza ndi mawu awo aakulu aja. “Mmmmmm.”

Mizere idakwera, kenaka idafota mpaka kugona, amalume akadang'ung'udzabe.

“Asa! Inenso yandimeza!” adakuwa. “Munthu wamkulu ngati ine, m'shopu yangayanga!”

Naphuma adaphulika kuseka ngakhale anali wokwiya. Koma Kabatani sadaseke. Ankayang'ana kudenga.

“Amalume, fani ija ikulira, eti?”

“Imalira chaka chonse. Ndi wailesi yanga yachiwiri imeneyo.”

“Nanga bwanji pa sikirini sikuoneka? Maiki ili pansi pake penipeni. Pali china chake chikuchotsa phokoso la fani tisanalione. Ndipo chikamva mawu aliwonse osasinthasintha, ataliatali, chikumayesa kuti ndi faninso.”

Amalume adamuyang'ana mwana wa mlongo wawoyo ngati akumuona koyamba. Adatulutsa foni yawo yosweka galasi, yokhayo inali ndi intaneti, n'kumupatsa.

Kabatani adawerenga malangizo a zida za pa intaneti zogwiritsira ntchito maiki, chala chikuthamanga pagalasi losweka. Mphindi khumi, mphindi khumi ndi zisanu. Kenaka adadzimenya pachipumi.

Zida zimenezo adazikonzera makamaka anthu oimbirana mafoni pa intaneti. Choncho ukangotsegula maiki, pamabwera zothandizira zitatu zoyaka kale, pokhapokha utazithimitsa wekha. China chimapha mawu obwerera kuchokera ku sipika. China ndi sefa yochotsa phokoso losasintha, ngati la fani kapena injini. Chachitatu chimakweza mawu a wonong'ona n'kutsitsa a wokuwa, kuti onse azimveka mofanana.

“Mofanana!” adatero Kabatani. “Chinthu chenicheni chimene Mzime akufuna kuona, kusiyana kwa kukuwa ndi kunong'ona, ine ndakhala ndikuchifafaniza. Miyezi itatu yonseyi timayesera nyimbo za pa fulashi, zosadzera pa maiki. Sitidayesepo mawu a munthu ngati ake. Kulakwa n'kwanga.”

Adalemba mizere itatu ya khodi yothimitsa zonse zitatu. Atatsegulanso pulogalamu, sikirini yonse idadzaza chipwirikiti. Fani, magalimoto a pamsewu, wowotcherera zitsulo wa shopu yoyandikana, zonse zinkavina nthawi imodzi.

6. Hafu pasiti fili

“Basi, vuto walipeza, wachita bwino,” adatero Naphuma, akulowetsa fulashi. “Tikopere ija yakale ya nyimbo, tizipita. Kusukulu ndi mphindi makumi awiri ndi zisanu tikathamanga. Zinazi udzamaliza mawa.”

Kabatani adapenyanso panja. Mzime anali pomwe paja, akukanda benchi ndi chikhadabo. Amayi awo, amene ankasoka zovala kutsidya kwa msewu waukulu, ankadzawatenga faifi koloko.

“Akapita kunyumba ndi zimene waona lerozi, sadzabweranso,” adatero Kabatani. “Ndimamudziwa. Ndipo sindingamuonetse chipwirikiti ichi. Mizere makumi atatu sikumuuza kanthu. Akufunika mzere umodzi wonenepa, ndi malo obiriwira osonyeza mawu a munthu wongocheza. Ndiyenera kuyeza.”

“Aphunzitsi adati awiri! Ukapanda kubwera atifufuta tonse. Miyezi itatu, Kabatani!”

“Ndikudziwa. Pepa, mnzanga. Ukawauze kuti wakana ndine. Mwina iwe akulola.”

“Ndiwe wokanika, wamva?”

Naphuma adazula fulashi, adagunda wailesi ya munthu ndi chikwama, natuluka. Kabatani zidamuwawa kwambiri, chifukwa chionetserocho ankachilota nayenso, ndipo mnzakeyo sadalakwe kuchifuna. Koma sadadzuke pampando.

Adathimitsa fani. Adafufuta mitundu yonse yokongola ija, imene adaivutikira milungu inayi, n'kusiya mzere umodzi woimirira. Pansi adapaka motuwa, pakati mobiriwira, pamwamba mofiira. Chotsala chinali kudziwa pamene chobiriwira chiyambire ndi pamene chithere.

“Amalume, talankhulani ngati mukucheza ndi kasitomala.”

“Wailesi yanuyi, bwana, mwaitsegula nokha kunyumba, musandinamize.”

Kabatani adalemba nambala. Adalankhula yekha, adalembanso. Ankafuna mawu achitatu, a mtsikana wina, kuti atsimikize. Ali mkati modandaula, chitseko chidatseguka ndi mphamvu. Anali Naphuma, thukuta kamukamu. Adafika pa maiki, naima pamtunda wa chikhato chimodzi, nalankhula ndi mawu wamba, odekha bwino:

“Kabatani ndi munthu wouma mutu kuposa anthu onse amene ndikuwadziwa.”

Adatembenuka. “Walemba? Ndapita.” Ndipo adathamangadi.

7. Khosi la amalume

Kabatani adatuluka n'kukagwada patsogolo pa benchi kuti Mzime aone manja ake.

“Ndidati kamodzi,” adatero Mzime ndi manja, nkhope ili gwa.

“Udaterodi. Sindikukupempha kuti ulankhule. Ndabwera kudzakuuza kuti wolakwa ndine, osati mawu ako. Ndidasiya sefa yoyaka m'kati mwa pulogalamu. Imameza mawu a aliyense. Bwera udzaone ikumeza amalume.”

Apo Mzime adakweza nsidze. Kumeza amalume? Zimenezo zokha adafuna kuziona.

M'shopu muja Kabatani adatenga dzanja la mng'ono wake n'kuliika pakhosi pa amalume. Adatsegula pulogalamu yakale ija, imene adaisunga padera. Amalume adang'ung'udza. Mzime ankamva khosi likunjenjemera pansi pa zala zake, koma pa sikirini mizere idafota n'kugona. Amalume adatambasula manja ngati munthu woberedwa pamsika, maso ali tong'o.

Mzime adagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Ankaseka.

Kenaka Kabatani adatsegula yatsopano. Amalume adang'ung'udzanso. Mzere udakwera n'kuima nji, osatsika, mpaka mpweya udawathera. Adanong'ona, mzere udakhala potuwa. Adakuwa kuti “Wailesi!” mzere udagunda pofiira, ndipo wowotcherera zitsulo uja adasuzumira pawindo kufunsa ngati kwagwa zovuta.

Palibe adamuuza Mzime kuti akhale pampando. Adakhala yekha. Adakokera maiki pafupi.

“Aaaa!”

Mzere udathamangira pofiira mpaka kumapeto. Mzime adadzidzimuka, nayang'ana mkulu wake.

“Ndi zoona,” adatero Kabatani ndi manja. “Wakuwa kwambiri. Tsitsa.”

Mzime sadakwiye. Adaluma mlomo, nayesanso. Ulendo uno mzere udagwera potuwa. Adayesanso, pofiira. Adayesanso. Adaika dzanja lake pakhosi pake, kuti amve mmene pakunjenjemerera mzere ukakhala apa ndi ukakhala apo. Mwana uyu anali ndi khama lochititsa mantha. Amalume adaiwala wailesi imene ankakonza, fungo la waya wopserera lili m'shopu monse.

Ulendo wa khumi ndi chiwiri, mzere udalowa pobiriwira n'kukhazikika. Sekondi imodzi, ziwiri, zisanu. Kabatani adalephera kuomba m'manja chifukwa ankapukuta maso.

8. Faifi koloko

Amayi adafika ndi chikwama cha nsalu paphewa, tepi yoyezera ikadali m'khosi, atatopa ngati masiku onse. Adaima pakhomo.

“Achimwene, mwaswera? Ana awa sadakusokonezeni? Nanga fani mwathimitsiranji kutentha konseku?”

Mzime adawaona m'galasi la sikirini. Sadatembenuke. Adayang'anitsitsa mzere, adakoka mpweya, nanena pang'onopang'ono, mzere uli pobiriwira kuyambira poyamba mpaka pomaliza:

“Amayi, mwaswera bwanji?”

Chikwama chidagwa pansi. Amayi adagwira chitseko. Adatsegula pakamwa kuti ayankhe koma mawu sadatuluke, ndipo adachita kuyankha ndi manja: “Ndaswera bwino, mwana wanga. Nenanso.”

Mzime adanenanso. Adanena kachitatu. Amalume adapita kukona n'kuyamba kufunafuna chinthu m'bokosi lopanda kanthu, akufwenthera.

Atatha kukumbatirana, amayi adatola chikwama chawo, nati azipita kusanade. Mzime adadzuka, adafika pakhomo, natsegula chitseko. Phokoso la msewu lidalowa, anthu akudutsa, ogulitsa akuitanira malonda. Adaima pomwepo. Kenaka adabwerera pa maiki, nayang'ana mzere, nafunsa ndi mawu ake, omveka bwino:

“Asisi, nanga panjapo mzerewu ndiutenga bwanji?”

Kabatani adayang'ana chikompyuta chija, chibokosi cholemera ngati thumba la simenti, ndi mawaya ake anayi olowa m'khoma. Adayang'ana amalume. Amalume adangokanda dazi.

Mzime anali atabwerera kale pakhomo, dzanja lili pakhosi ngati mmene adachitira poyesa paja, akumudikira.